Belu la Njinga Panjira ya ku Kambombo

Atanditumiza kukagwira ntchito ku Chama, moyo wanga unali wa ku ofesi, kunyumba ndi kutchalitchi basi. Ndinatopa nawo mpaka kumakwiyira nkhuku za eni. Ndiye ndinaphunzira kupalasa njinga, ine munthu wamkulu, mawondo ali zilonda zokhazokha.

Loweruka lina mayi woyandikana naye nyumba anati akupita ku Kambombo kukathandiza amayi ake kudula mpunga. Ndinamuumiriza kuti tipite limodzi. Iye anali patsogolo pa njinga yake, khanda lake lili kumsana, ine ndikutsatira monyadira ngati ndagula galimoto.

Titadutsa mtsinje wouma, njira inalowa m'tchire lowirira. Mwadzidzidzi mayiyo anaima.

"Selukani," ananong'ona, kundiuza kuti nditsike pa njinga.

Ndinasuzumira. Patsogolo pathu, pafupi ndithu, njovu inali kuthyola nthambi, itatipatsa msana. Kwathu ku tauni chinthu chikatseka njira, kaya ndi mbuzi kaya woledzera, timaliza belu. Chala changa sichinandifunse. Ngiri-ngiri!

Njovu inatembenuka, n'kutambasula makutu. Ndinafuna kuthawa.

"Osathawa, madamu. Manje khalani chabe zii."

Anawerama pang'onopang'ono, natapa fumbi n'kulimwaza kuti aone kumene mphepo ikulowera. Inkachokera kwa njovu kubwera kwa ife, choncho fungo lathu silinkaifika. Koma khanda lija linayamba kudandaula, kukonzekera kulira. Mayiyo analikokera kutsogolo ndi dzanja limodzi n'kulipatsa bere, dzanja linalo litagwira njinga kuti isagwe. Njovu inaponda kawiri kubwera kwa ife, chitamba chili m'mwamba. Ndinkamva mwanayo akumeza mkaka, ndipo ndinkaopa kuti nayonso ikumva. Ndinadzida kwambiri.

Sindidziwa kuti tinaima nthawi yaitali bwanji. Kenako njovu inapukusa mutu n'kulowa m'tchire, mitengo ikuthyoka kumbuyo kwake.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo bwenzi zitandipepukira. Koma mayiyo anangoyesa kuberekanso mwana, chitenje n'kumamupulumuka. Ndinamuthandiza kumanga.

"Pepani, amake mwana," ndinatero. "Ndimangofuna kuona zina, kunyumba kunanditopetsa."

Anandiyang'ana, osakwiya n'komwe.

"Imwe mwaona, madamu, mukakamba ku ofesi. Ine mawa nipitanso mwamene muno, na uyu mwana."