Chithunzi cha ku São Petersburgo chinandithetsera chitomero

Ndivomere poyambirira pomwe: chitomero changa ndinachipha ndekha, ndi chala changa chomwechi, ndili ku dziko la eni. Mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya khofi. Inu owerenga, makamaka amene muli kunja mutasiya munthu kwanu, tandimverani.

Ine kwathu ndi ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga. Nditamaliza shikola ndinapeza bolusa yondilipirira kukaphunzira zaulimi ku Rusiya. Ndisananyamuke ndinatomera Delifina, mphunzitsi wa ku Tsangano, mwana wa alimi a kachewere. Zonse zinayenda mwamwambo. Amalume anga, a Fulujensiyo, ndiwo anali nkhoswe, ndipo chikole anakapereka okha: nsalu ziwiri ndi mpango. Tinapangana kuti ndikadzabwera kutchuthi tidzamange ukwati kutchalitchi.

Nyengo yotentha ya kumeneko itafika, ine ndi mnzanga wa ku Angola tinakwera sitima kupita ku São Petersburgo, mzinda umene kale unali likulu la mafumu a dzikolo. Abale inu, kuli zinthu! M'mphepete mwa mtsinje wa Neva muli nyumba yachifumu yobiriwira, yoti ungayende tsiku lonse osamaliza zipinda zake, miyendo kuchita kutupa. Matchalitchi madenga ake ngagolide. Pena tinapeza chifanizo cha munthu ali pa hatchi pamwamba pa thanthwe, hatchiyo itatukula miyendo yakutsogolo. Ine wakumudzi ndinangoti kukamwa yasa.

Panja pa tchalitchi china chachikulu pamayendayenda anthu ovala ngati mafumu akale, kuti alendo azijambulitsa nawo n'kulipira. Mayi wina wa diresi yoyera yokhwekhwereza pansi, tsitsi loyera lochita kuvala, kachisoti konyezimira kumutu, anangofika n'kundikola mkono. Ine tsiku limenelo ndinali mu jekete yanga yopitira kutchalitchi. Mnzanga uja anajambula, ndinalipira, mayiyo n'kuthamangira mlendo wina. Ndi dzina lomwe sindinamufunse.

Chithunzicho ndinaponya pa gulu la achibale la pa foni. Msuweni wanga Zakariya, yemwe timanyozana chikhalire monga achitira asuweni, anayankha nthawi yomweyo: "Epa, m'bale wanga! Amenewa ndi alamu athu?" Ine chitsiru ndinalemba kuti, "Eya, tangotuluka kumene m'tchalitchi. Uwauze onse."

Chisuweni n'chapakamwa, maso ndi maso, aliyense akuona kuti mano ali pamtunda. Ine ndinachilemba, n'kuchiphatikiza ndi chithunzi.

Zakariya anakaonetsa anzake pamsika ku Furancungo, akufa nazo kuseka. Mwatsoka amalume anali pomwepo. Analanda foniyo, kuvala magalasi, n'kuwerenga okha. Zakariya anayesetsa kuwauza kuti n'zocheza, koma iwo anakana kwamtuwagalu. Akuti tchalitchi chikuoneka, diresi yoyera ikuoneka, mawu walemba yekha, ndipo mwana wa mlongo wawo sangachite chibwana ndi nyumba ya Mulungu. Mukuganiza kuti anandiimbira kundifunsa? Ayi ndithu! Akuti mwana akalakwa n'kuchita manyazi, nkhoswe siimufunsa, imangopita kukakonza. M'mawa mwake anakwera shapa, minibasi zathu zija, kusintha galimoto kawiri pamsewu wafumbi uja, mpaka ku Tsangano, kukagwada pamaso pa makolo a Delifina kupepesa kuti mwana wawo wakwatira mzungu.

Nthawi imeneyo ine ndinali ku nyumba ina yachifumu kunja kwa mzinda, kumene madzi amatumphuka m'zifanizo zagolide. Mauthenga ondiyamikira ankangolowa, ine n'kumaseka, kumaonetsa mnzanga. Ndinkadziuza kuti onse akudziwa kuti n'nthabwala. Koma ndinene zoona, zinkandikomera kuti dzina langa lili pakamwa pa anthu kumudzi. Delifina anandilembera mawu awiri okha: "Chithunzi ndachiona." Ine ndinayankha kuti, "Chatuluka bwino, eti?" Inu owerenga, munaonapo munthu wopusa chonchi? Delifina sanayankhenso, ndipo ine ndinati ndi redi ya mafoni ya ku Tsangano, imavutavuta.

Patatha milungu iwiri mayi anandiimbira akulira. Anati chikole chabwezedwa, nsalu zili m'nyumba, nanga mpongozi wachizunguyo adzamulankhula chinenero chanji? Ndinakalipira Zakariya mpaka mawu kusasa. Ndinaimbira amalume mwaukali, kuwafunsa chimene anathamangira osandifunsa. Iwo anangoti, "Analemba ndi iwe kapena ine?"

Ndinatumiza zithunzi za alendo ena atajambulitsa ndi anthu ovala zachifumu aja, kuti aone kuti ndi ntchito chabe. Amalume anakweranso shapa ulendo wachiwiri, akung'ung'udza njira yonse. Makolo a Delifina anamvetsa, bambo ake mpaka anaseka. Ine mtima unakhala pansi, ndinati basi zatheka. Ndinamuimbira Delifina ndili wokonzeka kuseka naye.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti si mkazi wanu. Tsitsi lija ndi mwana yemwe angaone kuti n'lovala. Koma amalume anu anagwada pabwalo pathu anthu akuona. Milungu iwiri ndakhala ndikuima m'kalasi aphunzitsi anzanga akundiyang'ana mwachisoni, kukwaya azimayi akunong'onezana ndikalowa. Ndinakulemberani kuti mundipatse mawu amodzi oti ndikawayankhe anthu. Inu munandifunsa ngati chatuluka bwino."

Ndinapepesa, ndinalira, ndinatuma anthu. Chikole sanachilandirenso.

Kwa nthawi yaitali ndinkaloza chala amalume, Zakariya, ngakhale mayi wa diresi uja amene ankangodzifunira chakudya. Zonsezo kunali kuthawa mlandu. Inu owerenga, mukapita ku mayiko a eni kaoneni nyumba zawo, jambulitsani mmene mungathere, palibe choipa. Koma dziwani kuti chimene mukuseka muli kutali, kwanu kuli munthu amene akuchisenza pamutu pamaso pa anthu. Ameneyo akakulemberani mwachidule n'kukhala chete, musati ndi redi. Siyani zonse mumuimbire. Ine foni inali m'manja mwanga tsiku lonse, ndikujambula madzi.