Kabowo ka Kumbuyo kwa Rauta

Atelala ndi fumbi sankamwerana madzi. Zaka makumi anayi akusoka pakhonde, Loweruka lililonse ankatokosa timabowo ta makina awo ndi singano, ndipo makinawo sanawachititsepo manyazi.

Pansi pa wailesi yakanema panali kabokosi kakuda kamene mwana wawo anasiya. Asanamwalire anasungamo zithunzi ndi mavidiyo a banja lonse, n'kukalumikiza ku rauta, kachipangizo kanyanga ziwiri kobweretsa intaneti. Mu rautamo anatsegula khomo la pa intaneti loti mkazi wake, amene tsopano ankakhala kutali limodzi ndi kamtsikana kawo, azilowera m'kabokosimo pafoni. Lamlungu lililonse kamtsikanako kankaonera vidiyo ya bambo ake akutsuka galimoto, uku akuimba nyimbo molakwitsa mawu.

Loweruka lina atelala anaona kabowo kumbuyo kwa rauta. Fumbi! Analowetsa singano n'kukanikiza ndithu mpaka timagetsi tonse tinaphethira. Anakhutira ndi ntchito yawo.

M'mawa mwake mpongozi wawo anaimba foni.

"Bambo, kabokosi sikakutseguka kuno. Magetsi azima?"

"Ayi, mayi. Kakuyaka bwinobwino. Dzulo lomweli ndapukuta zonse."

Atelala anaitana katswiri wa makompyuta, amene anakhala pansi ndi laputopu yake maola awiri akukanda mutu.

"Madala, kabowo kaja n'kofufutira. Singano yanuyi yafufuta zonse zimene malemu anakonza mu rauta. Kabokosi ndakapeza, koma kuti ndikalumikizenso kukhomo kuja ndiyenera kulowamo, ndipo kakufuna mawu achinsinsi. Muli nawo?"

Analibe. Mpongozi nayenso analibe, foni inkangolowa yokha. Anayesa tsiku lobadwa la malemu, dzina la mdzukulu, la galu amene anafa kalekale. Kabokosi kanakana.

"Tingokatsegula ndi sikuludiraiva," anatero atelala.

"Ayi, madala! Anazitsekera mkati. Tikakakamiza tingataye zonse."

Mtima unawawawa atelala. Munthu amene ankatha kupasula jekete n'kulibwezera mwakale, apa manja anali lende.

Lamlungu lotsatira amene anaimba foni anali mdzukulu uja.

"Agogo, adadi ali m'kabokosimo?"

"Alimo, mwanawe. Sanapite kulikonse."

"Ndiye ikani foni pafupi, ndimveko akuimba. Nyimbo ija ndayamba kuiwala."

Atelala anagwada movutikira n'kugunditsa foni pakabokosi. Kanali kofunda, kakungolira chapansipansi ngati firiji. Anaigwira choncho mpaka mkono unachita dzanzi.

"Agogo, sindikumva."

Pamenepo atelala anayamba kuimba okha, akulakwitsa mawu pomwe mwana wawo ankalakwitsa.