Magazi a mwamuna wanga m'botolo la ku Lusaka

Anzanga, nkhaniyi sindinaitole pachitsime kapena m'basi ayi, inagwa m'nyumba mwanga momwe, ndipo munthu amene inamugwera ali pakhonde apa akukonola chimanga, ndodo yake ili pambali. Maina sinditchula, poti ena mwa anthuwo adakali moyo ndipo timakumana m'maliro.

Zinali zaka zotsiriza za chipani chimodzi, nthawi ya makuponi a ufa ija, sopo tikuchita kuimira pamzere ku Chongwe. Ine kwathu ndi ku Chipata, bambo a kunyumba ndi Msoli wa kwa Nkomeshya, ndipo tinali titangolandira munda ku Kanakantapa, zitsa tisanathe kuzula. Tinali ndi ng'ombe imodzi yaikazi. Chaka chimenecho inapoloza, ndiye bambowo, poti ndi munthu wosanyansidwa, analowetsa dzanja lopanda kanthu n'kuitulutsa zotsalira. Mkaka wake ankaumwa wosaphitsa, wowawasa uja amati mabisi, n'kumandiseka ine kuti wakum'mawa sadziwa zokoma, chifukwa ine umanditsegula m'mimba. Ndani akanaganiza za ng'ombe?

Patapita nthawi anayamba kutentha thupi. Kum'mawa ali bwino, dzuwa likapendeka wayamba kunjenjemera, thukuta lonyowetsa bulangete, msana ukuwawa moti kuwerama kunali kulira. Kukiliniki anatipatsa mankhwala a malungo kambirimbiri osasintha, munthu wadzitho uja n'kutsala nthiti zokhazokha. Mukudziwa matenda amene anali atangofika masiku amenewo. Azimayi anayamba kunong'ona za kaliondeonde, ndipo ndikafika pachigayo nkhani inkaduka.

Potsiriza anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Lusaka. Anamuyeza malungo, palibe. Chifuwa chachikulu, palibe. Kaliondeonde uja, palibenso. Dokotala anamukoka magazi n'kuwathira m'mabotolo awiri okhala ndi msuzi wachikasu, ine nditagwira mkono, n'kutiuza kuti pakadali pano sanapeze kanthu, koma mabotolowo akawaika m'kabati yofunda kulabotale kuti ngati muli tizilombo tichulukane tioneke, ndiye tidikire.

Kudikira? Kwathu kuno dokotala akangoti sanapeze kanthu, abale amamva kuti izi n'za anthu. Mlamu wanga, mkulu wake wa bambowo, anafika ndi apongozi aakazi, n'kunena kuti ba dokotala avomera okha kuti yawakanga, manje muntu tiyende naye ku nyumba. Ndinagwada pasimenti pawodi, ndinalira, dokotala naye anayesa kuwaletsa, koma ine ndinali mtengwa chabe, mawu anga analibe kulemera. Anamunyamula kupita naye kumudzi kwawo.

Sing'anga amene anamuitana atamva za mabotolo anagwira pakamwa. Ati munthu angaleke bwanji kutentha thupi magazi ake akuphikidwa m'kabati ku Lusaka? Ati akatengedwe akwiriridwe pachulu, thupi lizizira. Maso onse anatembenukira kwa ine, amene ndinagwira mkono uja. Apongozi anandiloza chala, ati nifuna magazi ya mwana wanga, ukabwela chabe-chabe usangene mu nyumba muno. Mwamuna wanga anali gone pamphasa, akundiyang'ana, mphamvu yondiikira kumbuyo alibe.

Ndinayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu, ndinakwera lole ya makala, ndipo kuchipatala ndinafunsa khomo ndi khomo mpaka ndinapeza labotale. Anatuluka mayi wina wovala chovala choyera, wa msinkhu wanga womwewu. Sindinapereke ndi moni womwe, ndinangomugwira miyendo n'kumupempha kuti andibwezere magazi a mwamuna wanga banja langa lisathe. Anandidzutsa, anandikhazika pabenchi, kenaka anandionetsa pawindo lagalasi kabati ija, mabotolo ali ndandanda.

Anandifotokozera ngati akuuza mng'ono wake. Ati tizilombo tambiri, mabakiteriya amene amawadziwa bwino, timaonekera msanga, koma pali tina taulesi tofuna masabata, ndipo kabatiyo sikuphika, imangofungatira ngati nkhuku pamazira. Ati iye ndi dokotala uja anagwirizana kusunga mabotolo athu kupitirira nthawi imene amataya ena, chifukwa matendawa sankafanana ndi amene anazolowera kuona, ndipo sabata iliyonse ankatapamo kadontho n'kupaka pa kambale kagalasi kuona ngati pamera kanthu. Botolo limodzi ati linali litayamba kuchita kachifunga. Kundipatsa anakanitsitsa: ati ndikalitenga, dzina la matenda lapita nalo limodzi, komanso likasweka m'lole ndidwalitsa anthu.

Ndinakhala pabenchi paja mutu utaima. Kubwerera chimanjamanja, andithamangitsa ndipo mwamuna wanga afa ndili kutali. Kutenga botolo, afabe. Mukanakhala inu mukanatani? Ndinamupempha botolo lopanda kanthu, lotsuka. Analowa n'kubwera nalo.

Kwa mchemwali wanga kukomboni tinapha nkhuku, magazi ake ndinasakaniza ndi madzi a tiyi, ndinathira m'botolo lija n'kutseka. Njira yonse yobwerera ndinkaganiza kuti sing'anga uja akangolinunkhiza ndathedwa. Iye analiyang'ana padzuwa, anagwedeza mutu, ati eya, aoneni momwe apsera. Analikwirira pachulu kuseri kwa khola, apongozi akulira ndi chimwemwe. Anandilola kulowa m'nyumba.

Koma thupi silinazizire. Masabata otsatirawo ndi amene sindifuna kuwakumbukira. Msana unafika poti kumutembenuza ankakuwa ngati mwana, miyendo inayamba dzanzi, phala ankalavula. Tsiku lina anandiuza kuti ng'ombe ija ndisadzalole abale ake kundilanda, ndipo ndinadziwa kuti munthuyu watsanzika. Ndinathawira m'munda kukalira, ndikufunsa Mulungu ngati ndinalakwa kusiya magazi aja m'manja mwa anthu osawadziwa. Inde, ngakhale ine ndinayamba kukayika.

Ndinanamizira kuti ndikukaona munda ku Kanakantapa, n'kubwereranso ku Lusaka. Mayi wa kulabotale uja atangondiona anathamanga, ati akhala akundifunafuna koma kumalo atsopanowo sankadziwa wofunsa. Pa kambale panali patamera timadontho tating'ono ngati mame. Ati pa makina oonera tizilombo tinkaoneka ngati fumbi, tosiyana ndi timene ankatipeza masiku onse, moti anachita kufunsana ndi madokotala a ziweto, ndipo iwowo ndi amene anati timeneti amatidziwa mu ng'ombe zopoloza. Dokotala anandifunsa ngati tili ndi ng'ombe, ngati inataya bere, ngati bambowo amamwa mkaka wosaphitsa. Zonsezo ndinavomera. Ati mankhwala alipo, makapisozi ndi jakisoni wa masabata ambiri, koma wodwalayo abwere msanga chifukwa tizilomboti tikakhazikika m'fupa la msana timadya.

Kumudzi mlamu anakana, ati bachipatala bafuna kumusiliza magazi. Chimene chinandithandiza, musaseke, ndi chipani. Kunabwera msonkhano kusukulu, ndipo masiku amenewo tcheyamani akaitana panalibe wotsala, anyamata achipani ankayenda khomo ndi khomo. Ine anandisiya poti ndinali wodwazika. Mudzi utangoti zii, mayi wina wa mumpingo mwathu amene anazemba msonkhanowo anamanga ng'ombe zake pangolo, tinamukweza mwamuna wanga pa matiresi, dzuwa lili pamutu. Pa bampu iliyonse ankakuwa, ine ndikumuuza kuti anditukwane ngati akufuna koma sitibwerera. Pamsewu waukulu ndinaima pakati penipeni manja m'mwamba mpaka vanete ina inaima n'kutitengera kuchipatala ku Lusaka.

Mankhwala atayamba, thukuta lija linaleka pang'onopang'ono, ndipo tsiku limene anapempha yekha chakudya ndinalira mpaka manesi anandiseka. Anachira. Koma msana unali utadyeka kale, ndipo dokotala sanandibisire kuti masabata amene anakhala kumudzi aja ndi amene anawononga. Munthu amene ankazula zitsa yekha sanagwirenso pulawo mpaka lero.

Mlamu wanga mpaka pano amauza anthu kuti mng'ono wake anachira chifukwa cha magazi okwiriridwa pachulu, ndipo chulucho salola kuti munthu achigumule. Ine ndimangoti zikomo alamu, sindinawauze kuti pamenepo pagona nkhuku ya mchemwali wanga.

Chimene ndikhulupirira tsopano n'chakuti matenda ena amakhala alendo ngakhale kwa madokotala, ndipo pali anthu kuseri kwa zitseko zija amene amalondera botolo limodzi masabata kuti mlendoyo adziwike dzina. Ng'ombe ikapoloza musaigwire ndi manja opanda kanthu, mkaka muziphitsa. Koma chachikulu, akakuuzani kuti sanapeze kanthu, funsani ngati atsiriza kufunafuna musanayalule mphasa ya wodwala wanu. Ife anatiuza kuti tidikire, sitinadikire, ndipo m'mawa uliwonse ndimamuveka nsapato mwamuna wanga chifukwa sangathe kuwerama.