Tsiku Limene a Custódio Anadutsa Pamaliro Akuimba

Tayerekezani kuti mwaima pamsewu wafumbi wochokera ku Mualadzi, m'mawa wamba wa nyengo yokolola. Mame sanaume. Ana akuthamangira ku shikola kukaphunzira, manja ali m'khwapa chifukwa cha kuzizira, amayi akutsikira kudimba, ndipo kumbuyo kwawo kukubwera njinga yolemedwa ndi matumba awiri a chimanga. Woipalasayo ndi bambo wamtali, wa imvi zochepa m'ndevu. Akaona masamba pamsewu, ngakhale nthambi imene yangothyoka ndi mphepo, amatsika, n'kuvula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga. Ana a m'kalasi mwanga amaseka akawaona. Ndinawalonjeza kuti ndidzawalembera chifukwa chake, ndipo eni ake anandilola.

Dzina lawo ndi a Custódio Mbewe. Anachoka kuno ali mwana, nkhondo itafika m'midzi yathu, ndipo anakulira kumsasa wa othawa kwawo ku Zambia. Bambo awo anamwalirira komweko. Mtendere utabwera, anabwerera ndi amayi awo okha, mayi Paulina, atanyamula mphasa, mapoto awiri ndi khasu lopanda mpini. Munda wa makolo awo anaupeza uli tchire, koma palibe amene anaulanda, chifukwa mnansi wawo, a Octávio, ankauza aliyense kuti eni munda ali moyo ndipo adzabwera. A Octávio omwewo ndiwo anawadulira mitengo ya nyumba n'kuwapatsa mbewu yoyamba.

Ngakhale zinali choncho, dzina lakuti Mzambia linawamatirira a Custódio. Ankalankhula mosakaniza mawu a kumene anakulira, ndipo anzawo ankawaseka nazo pabwalo. Iwo ankasekera limodzi, koma mumtima ankadziona ngati mlendo amene sayenera kulakwitsa kanthu. Chinthu chimodzi chimene anabwera nacho, chimene aliyense ankachiyamikira, chinali kuimba. Kumsasa kuja anaphunzira kuimba m'mawu anayi, ndipo ankalakalaka kuti kwaya ya pakapela pathu idzaimbe choncho. Vuto linali lakuti nyimbo zambiri zinali zitayamba kuwathawa m'mutu.

Zaka zitapita, ku Cassacatiza, kumalire ndi Zambia, kunayamba kupezeka tizipangizo toimba nyimbo zosungidwa m'kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo. A Custódio ankapita kumeneko ndi chimanga, ndipo tsiku lina anaima pabanka ya a Cipriano, kathebulo ka pamsika pamene ankagulitsira matochi, mawailesi ndi mabatire amene timawatcha mapilya.

“Mzambia, lero mwabwera kudzagula kapena kudzasisita katundu wanga ngati masiku onse?”

“Ndikufuna koimba nyimbo za kwaya. Kotchipa, achimwene, musandiphe.”

A Cipriano anatulutsa tiwiri. Koyamba kanali ngati njerwa yaing'ono, kofiira, kokhala ndi sipika ndi tochi pamwamba. Atakayatsa, amayi ogulitsa nthochi tsidya la msewu anatembenuka.

“Aka ndi ka amuna. Mudzi wonse udziwa kuti Custódio wabwera.”

“N'chimene sindikufuna chimenecho. Azinena kuti bambo wa ana anayi akuyenda ndi phokoso ngati mnyamata wofuna mkazi?”

“Ndiye tengani aka. MP3 yeniyeni. Kamalowa m'thumba la malaya, zingwe izi m'makutu, chipewa pamwamba. Ngakhale akazi anu sadziwa. Ndiponso mtengo wake ndi wachifundo.”

Kanali kakang'ono ngati bokosi la machesi. A Custódio anaika tizingwe m'makutu, ndipo anamva kwaya yonse italowa m'mutu mwawo, mawu aamuna kuno, aakazi uko, aliwonse paokha. Sanafunsenso zambiri. A Cipriano anawaikiramo nyimbo zatchalitchi ndi zaukwati, ndipo iwo anagona kumalireko kwa mnzawo kuti anyamuke m'mawa.

Anasankha kakang'onoko chifukwa cha mtengo, inde, koma makamaka chifukwa cha manyazi. Anadutsitsa chingwe mkati mwa malaya, n'kukokera chipewa chaubweya mpaka kuphimba makutu, kuti munthu asaone kuti bambo wamkulu wagula choseweretsa.

Zimene sanadziwe n'zakuti a Octávio, amene ankadwala kwa nthawi ndithu, anali atamwalira iwo ali kumalire. Nyumba ya a Octávio ili m'mbali mwa msewu, pamene njira imatsetsereka. Adzukulu anali atayala kale masamba aawisi kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira, kuti wodutsa atsike panjinga, avule chipewa, ndipo ayende mwakachetechete. A Custódio anafika pamtsetsepo njinga ilibe katundu, ikuthamanga yokha. Masamba anawaona, koma anaganiza kuti ndi otsala a galimoto imene inafera panjira. Tsiku lina lililonse akanamva kulira kwa amayi ali patali. Tsiku limenelo m'makutu mwawo munali nyimbo yaukwati, ndipo ankaitsatira ndi mawu awo onse, osadziwa kuti akufuula.

Amuna amene anakhala pansi pa mtengo wa mango anaimirira n'kuwaitana. Iwo anaona milomo ikuyenda ndi manja akukwera, ndipo anakwezanso dzanja lawo, n'kumwetulira, n'kudutsa.

Kunyumba anapeza akazi awo palibe. Mayi Paulina okha anali gone pamphasa pakhonde, chifuwa chimene ankadwala kwa nthawi yaitali chitawapanikiza.

“Wasiya bwanji kumaliro?”

“Maliro a ndani, amayi?”

Anabwerera wapansi, akuthamanga. Atafika, palibe amene anawakalipira. Koma pachipika chimene amuna anakhalapo palibe amene anasendera kuti awapatse malo. A Custódio anakhala pansi pafumbi, kumapeto kwenikweni. M'mawa mwake anatenga khasu kupita kumanda, koma a Maliko, mkulu wa adzukulu, anawalanda khasulo mwaulemu wopweteka.

“Pumulani, aphunzitsi a kwaya. Dzulo munagwira kale ntchito yaikulu, munatiimbira yaukwati. Tsiku lanu likadzafika mudzaitane a ku Zambia adzakukumbireni.”

Ana anga, mawu amenewa si ang'ono. Kwathu kuno munthu sakumba manda a mbale wake. Amakumbiridwa ndi anzake, ndipo iye amakumbira iwo. Ukauzidwa kuti udzakumba wekha, wauzidwa kuti sulinso wa pamudzi. Ndipo aliyense ankadziwa kuti kwa a Mbewe kuli nkhalamba yodwala.

A Custódio akanatha kutulutsa kachipangizo kaja pomwepo n'kufotokoza. Sanatero. Anaona kuti kunena kuti ananyoza maliro a munthu amene anawasungira munda chifukwa cha choseweretsa cha anyamata kunali kochititsa manyazi kuposa kukhala chete. Anakakabisa m'denga la nkhokwe. Anasiya kupita kukwaya, ndipo popita kumunda ankazungulira njira ya kudambo kuti asadutse pakhomo pa mayi Delfina, mkazi wa malemu. Anthu anayamba kudzipezera okha zifukwa. Ena ankati anali ataledzera, ena ankati panali mkangano wa malire a munda umene unabisika, ndipo ena ankangoti, “Anthu okulira kumsasa sadziwa mwambo.”

Amene anathetsa zimenezi ndi mayi Paulina. Tsiku lina masana anawaitana mwana wawo n'kuwauza kuti akhale pafupi.

“Bambo ako tinawasiya kudziko la eni, anakwiriridwa ndi anthu osawadziwa dzina. Ine ndinayenda ulendo wonse uja kuti ndidzagone kwathu. Tsopano ukufuna kuti undikumbire wekha ngati galu? Chimene ukubisacho, pita ukachionetse.”

Pa tsiku lometa, abale ndi adzukulu atasonkhana kwa mayi Delfina, a Custódio anafika ndi nkhuku m'khwapa. Anagwada pakati pa bwalo, n'kuika nkhukuyo pansi, kenako n'kutulutsa kabokosi kaja ndi zingwe zake. Anafotokoza zonse mutu uli pansi, kuyambira pabanka ya a Cipriano mpaka pamtsetse.

“Kanthu aka?” anatero a Maliko. “Kakang'ono ngati khoko la mtedza? Bweretsani kuno, tione bodza lanu.”

A Custódio anawaika tizingwe m'makutu n'kuyatsa. Maso a Maliko anatuzuka. Mkazi wawo anawaitana kawiri ali pafupi pomwepo, iwo osatembenuka. Kenako a Maliko anafuula ngati akuitana munthu wa kutsidya la mtsinje, “Anthu awa alowa bwanji m'mutu mwanga?”

Anthu anaseka, ngakhale panali pamaliro. Mayi Delfina okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe.

“Ndiye munapita kumalire kukagula chotsekera makutu,” anatero. “Amuna anga anakufunsani dzulo lake la tsiku lija. Ankafuna muwaimbire ija ya ulendo wa kwa Atate. Ndinawauza kuti mukubwera.”

Anthu amene analipo amati misozi inkagwera pafumbi a Custódio ali chigwadire, ndipo palibe amene anawauza kuti adzuke mpaka a Maliko anatsokomola.

“Za makutu tamva. Koma maso munali nawo, ndipo masamba munawaponda. Nkhukuyi talandira. Zotsalazo tiona ndi mayendedwe anu.”

Sikunali kukhululuka kwathunthu, ndipo iwo anadziwa. Ulendo wotsatira wa ku Cassacatiza anabweza kachipangizo kaja. A Cipriano anadandaula kuti katundu wogulidwa sabwerera, koma atamva nkhani yonse anapukusa mutu n'kutulutsa kofiira kena kogwiritsidwa kale ntchito, kosweka pakona, tochi yake yosayaka.

“Tengani aka. N'konyansa, koma kakamaimba ndiye kuti aliyense akumva, ndipo inunso mukumva aliyense.”

A Custódio anakamangirira ndi mphira pachiwongolero cha njinga, poonekera. Anyamata anawaseka masiku oyamba, monga ankaopera, ndipo kusekako kunatha kokha. Anabwerera kukapela. Loweruka lililonse ankaika kawailesiko pampando pakati pa oimba, n'kuimitsa nyimbo, n'kuibwereza, mpaka amayi a mawu apamwamba atasiya kutsatira amuna. Ndinkamva ndili kunyumba kwanga mzere umodzi ukubwerezedwa mpaka dzuwa kupendeka. Nyimbo yoyamba imene anaphunzitsa inali imene a Octávio anapempha. Mayi Delfina sanalowe kwayayo, ndipo mpaka lero amawapatsa moni wamfupi.

Kuyambira pamenepo panalibe maliro m'midzi yozungulira amene a Custódio anasowapo. Ankafika oyambirira, kawailesi atakasiya kunyumba, n'kutema nkhuni, kutunga madzi, kenako n'kutsogolera nyimbo. Khasu sanalipemphenso. Analipatsidwa patapita nthawi, kumaliro a mwana wina, a Maliko atangowatambasulira.

Mayi Paulina anapirira dzinja lina ndi linzake, n'kumwalira chimanga chili m'maluwa. A Custódio anakhala pakhonde osadziwa ngati kubwera anthu. Asanatumize n'komwe uthenga kumidzi yakutali, anaona anyamata akuyala masamba pamsewu, ndipo a Maliko analowa pabwalo ndi makasu paphewa.

“Mzambia, tisonyezeni pamene agona makolo a gogoyu. Ndipo inu mukhale pansi, lero si tsiku lanu logwira khasu.”

Mayi Paulina anaikidwa pafupi ndi amayi awo, m'manda okumbidwa ndi anthu a pamudzi pawo. Kwaya imene a Custódio anaphunzitsa ndi kawailesi kosweka pakona kaja ndiyo yoyamba kumbali ya kwathu kuno kuimba m'mawu anayi, ndipo imaitanidwa kumaliro ndi kumaukwati mpaka ku Chifunde.