Geti Lomwe Ndinkalondera

Ndinali ndi zaka khumi pamene anandipatsa ntchito yolondera agogo anga aamuna. Zinali zaka zija makampani ankatsekedwa, unga wa nsima tikuchita kufolera mzere. Agogo ankasamalira maluwa panyumba ina ku Kabulonga, ndipo tsiku ndi tsiku ankapita wapansi kuchokera kwathu ku Kalingalinga. Bwana wawo atasamuka, atate anati basi.

"Bakalamba, bapumule. Bantu bazakamba ati tibazunza."

Anawaikira mpando pansi pa mpapaya. Ine ntchito yanga inali geti la malata, kuti asatuluke. Ndinkaigwira ndi mtima wonse, kamtsikana kapakamwa, mpaka kumawakalipira. Mayo ine, ndikanadziwa!

Patapita miyezi anayamba kuiwala. Chipewa chili kumutu, iwo akuchifunafuna. Tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa, "Niwe mwana wa ndani?" Ine amene dzina loti Tisa anandipatsa okha! Ndinakalirira kuseri kwa nyumba.

M'mawa wina atate atapita kukasaka ntchito, agogo anaima pageti atagwira lata. Mtima unandiwawa, ndinatsegula. Tinayenda pang'onopang'ono m'fumbi, kudutsa azimayi ogulitsa makala, mpaka kumisewu ya mithunzi. Thukuta litayamba kutsika, nawonso mawu anabwera: mtengo uwu ndinabzala ine, apa panali galu woluma. Pobwerera anandigwira paphewa n'kundifulumizitsa.

"Tisa, endesa, batate bako bazatipeza."

Dzina langa! Kuyambira pamenepo tinkazemba m'mawa uliwonse. Sanachire ayi, koma masiku oyenda ankandidziwa, ankadya bwino, ankaseka. Mpaka mayi wina woyandikana nafe anakauza atate kuti nkhalamba ikuyendayenda ngati ilibe ana. Ine ndinalawa lamba, geti linalandira loko. Agogo anabwerera pampando paja, ndipo mvula yotsatira tinawaika m'manda asananditchulenso.

Atate sanali ankhanza. Ankati ndi ulemu. Ndinadzamva ndili wamkulu, kwa namwino wa kuchipatala, kuti munthu akamayenda magazi amafika bwino ku ubongo, ndipo nzeru zimachedwa kufota. Maganizo anga anathamangira ku mpando uja wa pansi pa mpapaya.

Lero imvi zandidzaza. M'mawa uliwonse ndimazungulira komboni yonse ya Mtendere kumene ndikukhala tsopano, ndikuwasowa agogo pa ngodya iliyonse. Ana anga nawo ayamba: "Mami, pumulani." Ndimawathokoza, koma kiyi wa geti ndimasunga ndekha.