Chisoso cha M'munda wa Eni

Lero ndapeza njere za chisoso zitakakamira ku thalauza langa, ndipo ndakumbukira mayi ena a kwathu ku Liwaladzi.

Ndinali wamng'ono pamene amuna awo anatengedwa pa galimoto, osabwereranso. Masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa. Anthu anasiya kuwapatsa moni mayiwo, poopa kuti nawonso angatengedwe. Munda wawo wa chinangwa unangomera chisoso chokhachokha, timaluwa toyera paliponse.

Tsiku lina m'mawa amayi anga ananyamula lichero lovundikira ndi nsalu, nati, "Tiye tikathyole ndiwo." Tinalowa m'munda uja n'kuyamba kuthyola nsonga zanthete, manja akununkha chiwisi. Mayi aja anatuluka m'nyumba, naima chapatali.

"Bwererani, anzanga, angakuoneni," anatero motsitsa mawu.

"Ife tikungothyola chisoso, sichidzalidwa ichi," anayankha amayi osadzutsa mutu. Kenaka anatulutsa phukusi la ufa wa kondowole ndi usipa, nalisiya patsinde pa chinangwa.

Mayi aja anayang'ana kumsewu kanthawi. Atatero anadzagwada pafupi nafe, nayamba kutithyolera. Misozi yawo inkagwera m'lichero mwathu, koma manja sanaime.