Mawu Othetheka pa Ndime Yachiwiri

Chaka chimene ndinayamba kujambula nyimbo, situdiyo yanga inali kachipinda kakumbuyo kwa shopu imene ndimakonzeramo mafoni pa boma pa Neno. M'makoma ndinakhomamo matiresi akale awiri kuti phokoso la njinga zamoto lisamalowe. Ndinali ndi laputopu yogula kwa munthu, maiki imodzi ndi masipika awiri osiyana mitundu.

Mwezi wa June, kukuzizira, kunabwera kwaya ya amayi a kutchalitchi kwathu, imene mkazi wanga amaimbamo. Ankafuna nyimbo imodzi yoti akapite nayo kumsonkhano wa amayi ku Matandani. Ndime yachiwiri ya nyimboyo ankaimba munthu mmodzi yekha, mayi wina wa ku Ligowe wogulitsa manachesi pamsika, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri. Aliyense m'kwayamo ankadziwa kuti ndimeyo poyamba anaipatsa mkazi wanga, kenako n'kumulanda. Kunyumba tinali titaikamba nkhaniyo mpaka kutopa nayo.

Tinajambula masiku awiri, amayiwo akulowa anayianayi chifukwa cha kuchepa kwa chipinda. Atapita, ndikumvetsera ndekha pa mahedifoni, ndinaona kuti mayi a ku Ligowe aja pamzere umodzi mawu awo anatsika pang'ono, sanafike pamene nyimbo inkafuna. Mnzanga wina amene ali ndi situdiyo ku Lisungwi anali atandipatsa pa fulashi kachida kena ka mu pulogalamu yojambulira nyimbo, kamene timati pulagini, kowongola mawu a woimba akaphonya. Ndinakaika pa mawu a mayiwo. Mzere uja unawongoka bwinobwino, ndipo sindinauze munthu aliyense.

Chinatsala ndi kuitulutsa nyimboyo, kutanthauza kuuza pulogalamu kuti isonkhanitse mawu onse, ng'oma ndi kiyibodi, zikhale fayilo imodzi yoti munthu angaike pa foni. Ndinadina, kamzere kobiriwira kanathamanga mpaka kumapeto. Ndinamvera poyambira pokha, ndinamva kuti zili bwino, n'kutumiza kwa mkazi wanga. Iye anaiponya pa gulu la kwaya la pa foni.

Sipanathe ola, mkazi wanga analowa mushopu atagwira foni m'manja.

"Kodi inu, nyimboyi munaimvera mpaka kumapeto?"

Anaiseweretsa. Ndime yoyamba inadutsa bwino. Atangoyamba kuimba mayi a ku Ligowe, panamveka tche, tche, tche, ngati chimanga chikuthetheka m'chiwaya, mawu awo akudukaduka, kwinaku akunjenjemera ngati munthu woimba ali pa njinga yamoto mumsewu wamiyala. Ndime yawo itatha, nyimbo inayeranso.

Ndinathamangira kuchipinda, ndinatsegula nyimboyo mu pulogalamu, ndinaimvera. Inali yoyera, yopanda vuto lililonse. Ndinaitulutsanso. Kuthetheka kunabwera pamalo omwewo. Ndinaganiza kuti mwina ndi memole khadi, ndinasungira mu laputopu momwemo. Chimodzimodzi. Ndinatseka zina zonse zimene zinali zotsegula, ndinazimitsa laputopu n'kuiyatsanso, ndinafufuza vairasi, ndinasintha mtundu wa fayilo, ndinachepetsa mphamvu ya mawu poopa kuti akupyola malire. Pofika masana ndinali ndi mafayilo asanu ndi awiri, onse othetheka pa ndime yachiwiri.

Chimene chinkandisokoneza chinali chakuti vutolo linkasankha munthu. Makina akawonongeka sayang'ana kuti akuimba ndani. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti Lachitatu ndinapita kukatenga katundu pa siteji, n'kusiya mkazi wanga mushopu, laputopu ili chitsegulire. Sadziwa zambiri za pulogalamuyo, koma anali atandionerera kambirimbiri ndikudula ndi kusuntha mawu. Tikudya masana ndinamufunsa ngati ndikungocheza.

"Lachitatu lija unalowako kuchipinda kuja?"

"Ndinalowa kukatenga tchaja. Bwanji?"

"Ayi, ndangofunsa. Laputopu sunaikhudze?"

Anasiya kudya n'kundiyang'ana. "Eti mukuganiza kuti ndine? Anthu kunjaku akunena kuti ndinu mwachita dala chifukwa cha ine, inu muno mukuti ndine. Zikomo." Anatola mbale zake n'kutuluka.

Sindinamukhulupirire kwenikweni, komanso sindinali ndi umboni. Maganizo anga anatembenukira kwa mnzanga wa ku Lisungwi. Kwayayo kale inkajambulitsa kwa iyeyo, ndipo nditamuuza kuti tsopano yabwera kwa ine anangoti "zabwino zonse" ndi mawu ozizira. Pulogalamu yonse anandiikira ndi iyeyo. Ndinayamba kudzifunsa kuti munthu angakupatse bwanji zida zoti umulande nazo ntchito popanda kubisamo kanthu. Ndinamuimbira foni.

"Aise, mu laputopu yanga muja unaikamo chiyani?"

"Ndinaikamo zimene unandipempha. Chavuta n'chiyani?"

"Nyimbo ya kwaya ija ikuthetheka. Zina zonse sizinachitepo zimenezi, koma ya amayi amene anachoka kwa iwe."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. "Ukutanthauza kuti ndinakutchera?"

"Sindinatero."

"Watero," anayankha, n'kudula foni.

M'mawa mwake ndinapeza mayi a ku Ligowe atakhala pakhonde la shopu, dengu la manachesi lili pambali, atafunda chitenje chifukwa cha mphepo. Ndinawalonjera, anayankha mwachidule.

"Bambo inu, sindinabwerere mkangano," anatero. "Ndikufuna ndione ndi maso anga mmene mawu anga amawonongekera. Muchite zonse ine ndili pompo."

Sindikanakana. Ndinawapatsa mpando pafupi ndi laputopu, ndinawaseweretsera nyimboyo mu pulogalamu. Anamvetsera atatseka maso.

"Apatu ili bwino," anatero.

"Ndi zimene ndikunena, amayi. Ikamatuluka m'pamene ikuwonongeka."

"Ikamatuluka, kapena mukamaitulutsa?"

Ndinaganiza zochita chimene ndinayenera kuchita dzulo lake, kuyesa chinthu chimodzichimodzi. Ndinazimitsa ng'oma n'kutulutsa kachidutswa ka ndime yachiwiri. Kanathetheka. Ndinazimitsa kiyibodi, kanathethekabe. Ndinazimitsa mawu a amayi ena onse, kutsala a iwo okha. Tche, tche, tche. Mayiwo ankatsatira chala changa paliponse pamene ndadina, ngakhale sankadziwa tanthauzo la zimene zinali pa sikirini.

Pa mzere wa mawu awo panali tinthu titatu. Tiwiri ndinali nditaika pa mawu a aliyense. Kachitatu kanali kowongola kaja. Tsiku lonse la dzulo lake sindinakaganizire, chifukwa mu pulogalamu kankagwira ntchito bwino, komanso mwina chifukwa sindinkafuna kukaganizira. Ndinakazimitsa mwakachetechete n'kutulutsa. Mawu awo anatuluka oyera, opanda kuthetheka ngakhale kamodzi, ndipo pamzere uja anatsika pang'ono monga mmene anaimbira.

"Mwazimitsa chiyani apo?" anafunsa.

Ndikanatha kunama. Ndikanangoti ndi kachida kochotsa phokoso. Koma anali akundiyang'ana pankhope, osati pa sikirini.

"Ndi kowongola mawu, amayi. Pamzere wachitatu munatsika pang'ono, ndiye ndinafuna kukonza."

"Kameneko munaikanso pa mawu a akazi anu?"

"Ayi."

"Pa mawu a ndani wina?"

"Anu okha."

Kenako anati ndibwereze mzere umenewo. Ndinaubwereza kawiri.

"Ndatsikadi," anatero. "Nanga pakamwa munalibe? Ine ndimakhala pamsika pompa tsiku lililonse. Mukanandiitana ndikanabwera kudzaimbanso. Inu mwasankha kundikonza ngati foni yakufa, osandiuza, kenako mudzi wonse wamva ndikulira ngati wailesi yotha mabatire."

Ndinapepesa. Anaimirira, anavula chitenje chimene anafunda, n'kupita pa maiki.

"Yatsani."

Anaimba mzerewo kanayi. Kachitatu ndi kamene kanali bwino, koma anafuna kachinayi kuti atsimikize. Nditatulutsa nyimbo yonse, anaumirira kuti tiimvere pa foni yawo, osati pa masipika anga, kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Inali yoyera. Anandiuza kuti ndifufute mafayilo onse othetheka iwo akuona, ndipo anawerenga pamene ndinkafufuta. Pochoka anati kwa amayi anzawo akanena okha zimene apeza, ine ndisavutike.

Sindikudziwa mmene anakafotokozera. Ena m'kwayamo anamva kuti linali vuto la makina. Ena mpaka lero amakhulupirira kuti ndinachita dala, ndipo nditagwidwa ndinanamizira kompyuta. Mkazi wanga nditamuuza zonse anangofunsa funso limodzi, lakuti n'chifukwa chiyani ndinayamba kukayikira iye ndisanayang'ane zimene ndinaika ndekha. Kwa masiku angapo tinkalankhulana zofunika zokhazokha.

Mnzanga wa ku Lisungwi ndinamuimbira katatu osayankha. Loweruka ndinakwera njinga yamoto n'kutsikira komweko. Ndinamupeza akulumikiza mawaya a sipika. Ndinamufotokozera, ndinapepesa. Anamvetsera osasiya ntchito yake.

"Kachida kameneko sikafuna kuthamangitsidwa," anatero pomaliza. "Ukatulutsa mwachangu kamapunthwa, makamaka pa laputopu yotopa ngati yakoyo. Pali pamene umasankha kuti nyimbo ituluke pang'onopang'ono, pa liwiro lomwe imaimbira. Ukanandifunsa bwino ndikanakuuza tsiku lomwelo."

Anandionetsa pamene ndiyenera kudina. Nditabwerera ku boma ndinayesa kachidako pa nyimbo ina yakale, ndipo zinathekadi, sinathetheke. Mnzangayo sanandiperekeze tsiku limenelo monga ankachitira kale, ndipo panapita miyezi ingapo asanandiimbirenso foni yekha.

Nyimboyo anapita nayo ku Matandani. Ine sindinapiteko, ndinatsala pashopu ndikusintha magalasi a mafoni. Mkazi wanga atabwerako anati anaiseweretsa kawiri pa masipika akuluakulu, amayi a mipingo ina n'kumapempha kuti awatumizire. Ndinamufunsa ngati dzina la situdiyo yanga analitchula. Anati sanamve.